Epigenetics: mmene thupi limayatsira ndi kuzimitsira majini

Pafupifupi selo iliyonse ya m'thupi la munthu ili ndi DNA yofanana, yokhala ndi majini okwana ngati 20,000. Komabe selo ya m'ciwindi sigwira nchito ya selo ya m'diso. Cimene cimasiyanitsa ndi majini amene ayatsidwa ndi amene azimitsidwa. Maphunziro a zimenezi amacedwa epigenetics, dzina limene wasayansi wa ku Britain, Conrad Waddington, anayamba kugwiritsa nchito mu 1942.

Njira yodziwika kwambiri ndi methylation. Tizidutswa tochedwa methyl timamatirira pa DNA, ndipo tikaculuka pamene jini imayambira, kawirikawiri jiniyo imazima. Njira ina ndi ya kakulungidwe. DNA ya m'selo imodzi ndi yotalika pafupifupi mamita 2, conco imakulungidwa pa mapuloteni ochedwa histone monga ulusi. Pamene pakulungidwa kolimba, selo singawerengepo, pomasuka, imawerenga. Zilembo za DNA sizisintha ai.

Cimene ciyenera kutikhudza m'mabanja ndi cakuti cakudya ca mayi cimalowapo. Mu 1944 ndi 1945, nkhondo yaciwiri ya padziko lonse ili pafupi kutha, kumadzulo kwa Netherlands kunagwa njala yoopsa. Ana amene mimba zawo zinayamba pa nthawiyo atakula anadwala kwambiri matenda a mtima. Mu 2008 ofufuza anapeza kuti, patapita zaka 60, anthuwa anali ndi methyl wocepa pa jini ya IGF2, yothandiza pa kukula, poyerekeza ndi abale awo a mimba imodzi. Ku midzi ya ku Gambia nakonso kunapezeka kusiyana pakati pa ana amene mimba zawo zinayamba m'dzinja, nkhokwe zitatha, ndi a m'cilimwe.

Thupi limapanga methyl mothandizidwa ndi folate, vitamini B12 ndi choline, zopezeka mu ndiwo zamasamba, nyemba, mazira ndi nsomba. Nchifukwa cake mapilisi a folic acid a ku sikelo sayenera kugonekedwa m'kabati, ndipo uphungu wa masiku 1,000 oyamba a mwana umene timaumva kuno ku Zambia si wongotaya nthawi.

Zizindikirozi zina zimabwerera. Fodya amasintha methylation pa jini ya AHRR, koma munthu akasiya kukoka, pang'onopang'ono imayamba kubwerera mwakale. Ndipo zambiri zimafafanizidwa mimba ikangoyamba, conco amene akuti sayansi yatsimikizira kuti mavuto a agogo amalembedwa m'magazi a zidzukulu akuthamanga kuposa umboni.