Ulimbo wa malungo: kuchokera kusikelo ya ku Mangochi mpaka pa kafukufuku wa khansa

Anamwino a m'mbali mwa nyanja ku Mangochi ankadziwa kale kuti malungo amasautsa kwambiri mayi wa mimba yoyamba, ndipo mwana wachisamba nthawi zambiri ankabadwa wonyentchera. Chomwe chinali chisanadziwike n'chakuti tizilombo ta malungo timakondanji mayi wotereyu.

Kuyambira 1987 mpaka 1990, Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la CDC la ku America adatsatira amayi oyembekezera oposa 4,000 m'masikelo a ku Mangochi. Mwa otsogolera kafukufukuyu munali Dr Jack Wirima ndi Dr Richard Steketee. Adapeza kuti tizilombo ta malungo timaunjikana mu nsengwa, timachepetsa thupi la mwana, ndiponso kuti kololokwini anali atafooka. Mu 1993 Malawi idakhala dziko loyamba mu Africa kusiya kololokwini n'kutenga fansida, mankhwala omwe amayi apakati amamwa kusikelo mpaka lero.

Yankho la funso lija lidadza mu 1996. Michal Fried ndi Patrick Duffy, pofufuza ku Kenya, adaona kuti selo lofiira la magazi likagwidwa ndi kachilombo limamatirira pa mtundu wina wa shuga wa pa nsengwa, wotchedwa CSA, ngati mpheta pa ulimbo. Likamatirira chonchi silipita ku kapamba, komwe likadaphwanyidwa. Mayi wa mimba yoyamba thupi lake silinaudziwe ulimbowu, koma pa mimba zotsatira limakhala litaphunzira kuutchinga.

Mu 2003 Ali Salanti wa ku Copenhagen adazindikira puloteni yomatayo, VAR2CSA. Mu 2015, iye ndi anzake adaonetsa kuti puloteniyi imagwiranso maselo a khansa zamitundumitundu. Nsengwa ndi chotupa cha khansa zimafanana pakukula mofulumira: maselo ake amagawikana msangamsanga, amaloŵerera m'minofu yoyandikana, ndipo amavala shuga yemweyu. Atamangirira poizoni ku puloteniyi n'kubaya mbewa zodwala khansa, zotupa zidafota.

Mankhwala otere sadafike pa odwala, ndipo kafukufuku akupitirira. Koma mbiri yake ikamalembedwa, asaiwalike amayi a ku Mangochi omwe adalola kuyezedwa magazi ndi nsengwa zawo, kuti ana a anzawo adzabadwe onenepa.