KALATA YA CHILEMBWE NDI BUKU LA M'NDENDE

Ku England, m'caka ca 1660, mlaliki wina dzina lace John Bunyan anaponyedwa m'ndende ya ku Bedford cifukwa colalikira popanda cilolezo ca Boma. Anakhalamo zaka 12. Ndiye analemba buku lija la Pilgrim's Progress, limene linaturuka m'caka ca 1678. Kulimbana kwa mipingo ndi mafumu kunabala mabuku ambiri m'dziko limenelo.

Zotere zinacitikanso kuno ku Chiradzulu.

M'caka ca 1900 John Chilembwe anabwera kucokera ku America, namanga mishoni yace ya Providence Industrial Mission pa Mbombwe. Kumpoto kwace kunali minda ya A. L. Bruce ku Magomero, kumene anthu anali kugwira thangata. Woyang'anira mindayo, William Jervis Livingstone, sanafune sukulu kapena nyumba zopemphereramo za Chilembwe pamenepo. Akristu akamanga kacalichi ka udzu, iye anali kukatentha. Munthu wolima munda wa mwini, wosaloledwa ngakhale kupemphera ndi anzace, mtima wace sungakhale m'malo.

Nkhondo ya Ajeremani itayamba, anthu akuda anafa ku Karonga m'mwezi wa September 1914. Pamenepo Chilembwe analemba kalata m'Cingerezi ku nyuzipepala ya Nyasaland Times. Anafunsa cifukwa cace amphawi, amene m'masiku a mtendere sawerengedwa kanthu, akuitanidwa kukafera mlandu wosakhala wao, nasiya akazi amasiye ndi ana. Boma linaletsa kuti kalatayo isafalitsidwe. Kumeneko kunali kulakwa kwakukuru, pakuti mau okanizidwa papepala anaturukira pa mikondo.

Usiku wa pa 23 January 1915 anthu a Chilembwe anapha Livingstone ku Magomero. Patapita masiku owerengeka anaukiranso mishoni ya Akatolika ya ku Nguludi. Pa 3 February Chilembwe anaomberedwa, ndipo asilikari anagumula chalichi cace cacikuru ca njerwa. Mishoni inatsekedwa kufikira 1926, pamene Dr. Daniel Malikebu anaitsegulanso.

Koma nkhaniyo sinafe. George Simeon Mwase, Mtonga amene anali kalaliki wa Boma, anamangidwa m'caka ca 1931 pa mlandu wa ndalama za msonkho. M'ndende ya ku Zomba anapezana ndi Wallace Kampingo, mmodzi wa anthu a Chilembwe, amene anali cikhalire m'ndendemo. Kampingo anasimba, Mwase nalemba. Cingerezi cace ncokhotakhota, ndipo pena anaika m'kamwa mwa Chilembwe mau amene iye mwini sanawamve. Komabe analemba za Chilembwe monga munthu wofera anthu a mtundu wace, pa nthawi imene Boma linali kumuchula cigawenga.

Mapepalawo anagona m'nkhokwe za Boma zaka zoposa 30. Robert Rotberg ndiye anawasindikiza m'caka ca 1967, nawacha dzina lakuti Strike a Blow and Die.