Mlendo Amene Anawerenga Nyumba za kwa Malemia

Mwana wathu akayamba maphunziro a kakhalidwe ka anthu akumidzi ku Bunda kapena ku yunivesite ya ku Zomba, sipatenga nthawi asanapatsidwe pepala la mafunso n'kutumizidwa kumudzi kuti akawerenge mabanja, minda ndi ziweto. Ambiri a ife timayesa kuti luso limeneli linachokera ku Ulaya litapsa kale. Komatu mbali ina ya lusoli inasulidwira konkuno, m'midzi ya Ayao ya kwa Malemia ndi kwa Kawinga, pamabwalo omwe agogo athu ankaweruzirapo milandu.

Nkhaniyi inayambira ku Livingstone, m'dziko lomwe lero ndi Zambia. M'chaka cha 1937 boma la atsamunda linakhazikitsa kumeneko bungwe la kafukufuku lotchedwa Rhodes-Livingstone Institute. Nthawiyo migodi ya mkuwa inali kumeza amuna a m'midzi, ndipo olamulira ankafuna kudziwa chimene chinkachitikira midzi yosiyidwayo. Mkulu woyamba wa bungweli, Godfrey Wilson, anasiya ntchito pasanathe zaka zambiri atasemphana maganizo ndi eni migodi. Amene anamulowa m'malo, Max Gluckman, anakonza ndondomeko ya zaka zisanu ndi ziwiri ndipo nkhondo yachiwiri itatha analemba ntchito achinyamata angapo. John Barnes anapita kwa Angoni a ku Fort Jameson, komwe lero ndi Chipata; Elizabeth Colson anapita kwa Atonga a kum'mwera kwa Zambia; ndipo Clyde Mitchell, wobadwira ku South Africa mu 1918, anatumizidwa kwa Ayao a ku Nyasaland.

Asanabalalike, Gluckman anayamba wawatengera kumidzi ya Alamba, kufupi ndi Ndola, kuti akaphunzire ntchito poigwira: kujambula mapu a mudzi, kulemba mwini nyumba iliyonse, ndi kulondoloza mibadwo ya anthu kufikira pa kholo lawo. Mitchell anali munthu wokonda masamu, ndipo njira imeneyi inamukomera. Pakati pa 1946 ndi 1949 anayenda m'midzi ya Amachinga akuchita zomwezo. Pa nyumba iliyonse ankafunsa kuti mwini wake ndani, anabadwira kuti, ali pa ubale wotani ndi mfumu, ndipo anakwatira kapena kukwatiwa kangati. Tikhoza kuganiza mmene anthu ankamuonera mzungu wowerenga nyumba m'dziko lomwe nyumba inali chinthu chokhomera msonkho.

Zimene anapeza anazilemba m'buku lotchedwa The Yao Village, lomwe linatuluka mu 1956. Funso lake lalikulu linali looneka laling'ono: n'chifukwa chiyani midzi ya Ayao imagawikana kawirikawiri? Yankho analipeza pa mbumba. Mwamuna ndiye mwini mbumba ya alongo ake ndi ana awo. Akadwala ndiye amathamanga, akapalamula ndiye amakayankha pabwalo. Koma mwambo wa chikamwini umamuchotsa pamudzi pomwe pali mbumbayo n'kukamukhazika kwa mkazi wake, komwe ndi mlendo wopanda mawu. Munthu wotere, ngati ali ndi mtima wofuna ulemu, sagona tulo mpaka atasonkhanitsa alongo ake n'kukatsegula mudzi wakewake. Pamenepo amasemphana ndi malume ake, amenenso amati mbumba yomweyo ndi yawo. Mwana akamwalira, kapena matenda akachuluka pa nyumba imodzi, zala zimayamba kulozana za ufiti, ndipo mlandu wa ufitiwo ndiwo umapatsa anthu chifukwa chosamukira popanda kuoneka ngati othawa abale.

Apa ndi pomwe Mitchell anachita chinthu chimene anzake ambiri anali asanachite. Sanakhutire ndi kufunsa akuluakulu kuti mwambo umati chiyani, pakuti mkulu aliyense amanena mwambo mmene uyenera kukhalira. Iye anatsatira mikangano ya anthu omwewo, m'mudzi womwewo, kwa zaka zingapo zotsatizana, n'kuona kuti mlandu wa lero ndi mphukira ya mlandu wa zaka zapitazo, ndiponso kuti munthu yemweyo amatchula mwambo wina lero ndi wina mawa malinga ndi chimene akufuna. Kenako anaika nkhanizo pambali pa manambala ake kuti aone ngati mudzi umodziwo unali wachilendo kapena wofanana ndi ina. Gluckman anayamikira njira imeneyi, ndipo kupyolera mu yunivesite ya Manchester inafalikira kutali. Mitchell mwiniyo anakhala mkulu wa bungwe lija kuyambira 1952, anakaphunzitsa ku Salisbury, ku Manchester ndi ku Oxford, ndipo anamwalira mu 1995.

Bukuli tiyenera kulipatsa ulemu wake. Ndi limodzi mwa mabuku ochepa omwe amationetsa mudzi wa makolo athu monga malo a anthu oganiza, opikisana ndi odziwa kuyendetsa milandu. Komabe ukonde umagwira nsomba zolingana ndi maso ake. Mafunso a Mitchell anali a ubale ndi ufumu, ndipo boma lomwe kuyambira 1933 linkalamulira kudzera mwa mafumu linali ndi chifukwa chofunira mayankho otere. Chisilamu chilimo m'bukumo, koma chakhalira kumphepete. Pamene iye ankawerenga nyumba, Shehe Thabit bin Muhammad Ngaunje anali adakali moyo, ndipo ophunzira ake pamodzi ndi a Shehe Abdallah bin Haji Mkwanda anali atafalikira m'midzi yambiri ya kum'mwera kwa nyanja. Inalinso nyengo ya mkangano waukulu pa za maliro, pakati pa ochita sikiri ndi a sukuti omwe ankati maliro aperekezedwe mwakachetechete. Mndandanda wa shehe ndi ophunzira ake nawonso ndi mtundu wa ubale, womangirira midzi yotalikirana popanda magazi kapena ukwati, koma pepala lolembapo mibadwo linalibe mzere woulembapo. Zinatenga zaka makumi angapo kuti ofufuza monga David Bone ndi Alan Thorold aziike nkhani zimenezi pakati.

Palinso anthu ena omwe mabuku a nthawiyo sawaonetsa bwino: omasulira ndi othandiza achikuda amene ankatsogolera alendowo, kuwapepesera akalakwitsa ndi kuwauza funso losayenera kufunsidwa pagulu. Lyn Schumaker, m'buku lake la mu 2001, anaonetsa kuti ntchito ya bungwe lija inatsamira kwambiri pa anthu otere. Ndipo tisaiwale kuti Myao anali atalemba kale za Ayao. Yohanna Abdallah, wansembe wa mpingo wa Anglican ngakhale dzina lake likumveka lathu, anasindikiza Chiikala cha Wayao mu 1919, Mitchell ali khanda.

Ufulu utabwera, ntchitoyi inalowa m'manja mwa eni dziko. Bungwe lija linakhala gawo la yunivesite ya Zambia, ndipo ku Zomba kunatsegulidwa Centre for Social Research mu 1979. Funso la Mitchell silinakalambe. Ndondomeko ya makuponi a feteleza itayamba mu 2005, ofufuza anaona midzi ikugawikana mwa liwiro latsopano, chifukwa mayina a olandira ankadutsa kwa nyakwawa, ndipo wokhala ndi mudzi wake ankakhala ndi kaundula wake. Mwini mbumba wa lero ali ndi chifukwa chodziimira chimene agogo ake analibe. Wophunzira amene adzapite kwa Kawinga ndi pepala lake la mafunso adzapeza midzi itatu kapena inayi pomwe panali umodzi, ndipo adzafunika mzere wina wolembapo ngati anthu a midziyo akuswalirabe mumzikiti umodzi tsiku Lachisanu, ndiponso mbali imene mwalimu wa madrasa anatsatira.