Mafuta, Mtovu ndi Dzimbiri: Mbiri ya Kusamala Mfuti

Munthu akaima pa Chikweo lero, napenya kum'mawa kumene kuli Nyanja ya Chiuta ndi malire a Mozambique, sangadziwe msanga kuti m'zaka za m'ma 1800 dziko limeneli linali njira ya amalonda achiyao, amene ankasenza minyanga ya njovu kunka kugombe la nyanja yamchere, ku Kilwa ndi ku Quelimane, nabwerako ndi nsalu, mikanda, wonga ndi mfuti. Mfuti zimenezo, zimene makolo anazitcha gogodera chifukwa wonga ndi chipolopolo ankazilongera kukamwa nazigogodera ndi ndodo, zinali zosalala m'mpope mwake, ndipo popeza mtovu unali wosowa, alenje kawirikawiri ankaponyamo zidutswa za chitsulo zochokera kwa osula. Chitsulo chimakanda mpope. Koma mdani woposa ameneyo anali wonga weniweniwo, pakuti ukapsa umasiya mwaye wochuluka umene umakoka chinyontho, ndipo m'dziko la madambo ngati ili dzimbiri silichedwa. Chifukwa chake mfuti yokhalitsa inali ija imene mwini wake ankaitsuka ndi madzi otentha, kuiumitsa ndi sanza, ndi kuidzoza mafuta asanaikoleke. Ndipo mafutawo anayenera kukhala opanda mchere, pakuti amchere amadyetsa chitsulo chimene anati achiteteze.

Pamene izi zinali kuchitika kuno, ku Ulaya amisiri anali kulimbana ndi vuto lina. Anadziwa kale kuti akasema mizere yopotana m'kati mwa mpope, chipolopolo chimatuluka chikuzungulira ndipo chimalunjika kutali. Koma mtovu ndi wofewa, ndipo chipolopolo chikakhala chochepa ndi mpope wake, moto wa wonga umadutsa m'mbali mwake nuseteka mtovu, umene umamatirira m'mizeremo kufikira itatsekeka, ndipo pamenepo ngakhale mlenje wa diso lakuthwa amaphonya. Mu 1849 Claude-Étienne Minié wa ku France anakonza chipolopolo cha mphako kumbuyo, chimene chimafufuma wonga ukaphulika nichitseka mpope. Ndipo zipolopolo za mtundu umenewu zinkapakidwa mafuta a nyama osakaniza ndi phula la njuchi. Ntchito ya mafutawo sinali kutelereza kokha ayi. Chachikulu chinali kufewetsa mwaye, kuti chipolopolo chotsatira chiukankhire kunja m'malo moti uume ngati nkhoko za mumphika.

Mafuta omwewo, amene tingawayese kanthu kachabe, anayatsa moto m'dziko la India. Mfuti ya Enfield ya 1853 itafika kumeneko, msilikali ankayenera kuluma ndi mano pepala lodzozedwa mmene munali wonga ndi chipolopolo, ndipo mbiri inawanda yakuti mafutawo anali a ng'ombe ndi a nkhumba. Kwa Mhindu ng'ombe ndi yopatulika, kwa Msilamu nkhumba ndi yodetsedwa. Motero mu 1857 asilikali anaukira Angerezi, ngakhale madandaulo awo anali ambiri kuposa amenewa. Ife a kuno, kumene ambiri amagwada mumzikiti, sitifuna wotifotokozera kulemera kwa chipongwe chotere, ndipo ndiyesa kuti olamulira aja anachimwa posafunsa chikumbumtima cha anthu amene anawapatsa mfutizo.

Pambuyo pake kunadza mfuti zolongera kumbuyo, Snider mu 1866 ndi Martini-Henry mu 1871, imene chipolopolo chake cha mtovu chinkakulungidwa m'pepala, ndi phula pansi pake. Mfuti zolongera kumbuyo ndizo zinapendeketsa mphamvu kuno. Pangano la ku Brussels la 1890 linatsekereza malonda a mfuti zamakono kwa Aafirika. Mngerezi Harry Johnston anabwera kuno mu 1891 ndi asilikali achisikh ochokera ku India komweko. Ndipo mu 1895 Mfumu Kawinga anachotsedwa pa phiri la Chikala, monganso Jalasi pa phiri la Mangochi. Mwini gogodera, polonga kamodzi, mnzake anali ataombera kangapo.

Nthawi ya mafuta pa chipolopolo cha msilikali inatha posachedwa. Mu 1884 Paul Vieille anapeza wonga wosafuka utsi, ndipo liwiro la chipolopolo litakula kotero kuti mtovu wamaliseche sukanapirira, amisiri anauveka chikopa cholimba cha mkuwa wosakaniza. Zotere ndizo zipolopolo za .303 zimene askari a King's African Rifles, gulu lokhazikitsidwa mu 1902, anazidziwa ku Zomba ndi kunkhondo zonse ziwiri zazikulu. Komabe madzi otentha sanawasiye, pakuti kapu yoyatsira wonga inkasiya mchere m'mpope. Ndipo akulu anati mawu a akulu akoma akagonera, chifukwa mwambo wa mlenje wa gogodera ndi lamulo la sajeni zinakomana pa chinthu chimodzi.

Lero mtovu woumba pamanja watsala makamaka ndi anthu a maiko akutali amene amaombera chandamale mwa masewera, ndipo iwo akuchitira umboni zomwezo: mpope wodyeka ndi dzimbiri umapala mtovu ngakhale mafuta atakoma chotani, ndipo mafuta a galimoto akakomana ndi wonga wakale amauma nalimba. Kuno kwathu nyama zatsala ku Liwonde National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1973 ndipo African Parks ikuiyang'anira kuyambira 2015, ndipo lamulo silola munthu kusunga mfuti popanda chilolezo. Sindilira kutha kwa uzimba, pakuti njovu zinalipira mtengo waukulu. Chimene ndidandaula nacho ndi nzeru za manja zimene zikupita kumanda zosalembedwa. Aphunzitsi ndi ana a sukulu a kwa Chikweo, pitani kwa agogo amene anaona gogodera ikulongedwa, muwafunse mafuta amene ankadzoza ndi maina amene ankatchula ziwalo zake m'Chiyao ndi m'Chichewa, ndipo mulembe akadali ndi moyo.