Mkulu amene anagwetsa botolo la Coca-Cola ku Kalahari

Anzanga, filimu ija ya botolo logwa kuchokera mundege tonse tinaionera kuvidiyo, eti? Dzina lake ndi The Gods Must Be Crazy, ya 1980. Lero ndikufuna ndikuuzeni za mwini wake, Jamie Uys, mzungu wa ku South Africa wobadwira ku Boksburg mu 1921.

Mkuluyu anayamba ngati mphunzitsi wa masamu. Mu 1951 anatulutsa filimu yake yoyamba ya m'Chiafrikaans, momwe ankasewera iye ndi mkazi wake. Kenako anagwira misika iwiri: mafilimu a zochitika zenizeni ndi a nthabwala. Mu 1974 anapanga Animals Are Beautiful People, ya nyama zakutchire, imene inapata mphoto ya Golden Globe. M'menemo ndi momwe njovu ndi anyani zikudzandira, ati zaledzera ndi zipatso za mfula. Pambuyo pake akatswiri anawerengera n'kupeza kuti njovu singaledzere ndi mfula wotola pansi. Mu 1976 anabwera ndi Funny People, yojambula anthu mobisa akupusitsidwa.

Luso lake linali kusakaniza ziwirizi. Filimu ya botolo ija imayamba ndi mawu odekha ngati a mphunzitsi, akuti anthu a ku Kalahari sadziwa ndalama, ndewu kapena mzungu. Mawu oterowo umangokhulupirira basi. Koma N!xau, amene anasewera Xi, kwawo kunali ku Tsumkwe ku Namibia, komwe nthawi imeneyo anthu ake anali atapanikizidwa pa malo ochepa, ena akulembedwa usilikali ndi boma la tsankho la South Africa. Zimenezi mufilimu mulibe. Filimuyo inapanga mamiliyoni a madola, gawo lachiwiri n'kutuluka mu 1989, koma poyambapo N!xau analandira kangachepe.

Sindikunyoza luso lake ayi. Monga makaniko, Land Rover yopanda mabuleki ija, yomwe inadzikoka yokha n'kulendewera mumtengo, imandiphabe ndi phwete. Uys anamwalira mu 1996, N!xau mu 2003.

Nkhani yanga ndi iyi, aise: wogwira kamera ndiye amasankha zoti dziko lidziwe za iwe. Alendo akafika padoko kujambula mabwato, usipa pathandala ndi ana athu, tiziwafunsa: mukanena chiyani za ife, nanga phindu lake adye ndani? Mafoni tili nawo, zina tizijambula tokha.

Tumizirani anzanu.