Ma prawns kapena nsomba: chopindulitsa thupi kwambiri n'chiti?

Ma prawns ndi tizilombo ta m'madzi ta chigoba, ta gulu limodzi ndi nkhanu. Amagwidwa kwambiri m'nyanja ya mchere ku Mozambique, makamaka kufupi ndi Beira ndi Quelimane, ndipo kuno amagulitsidwa owumitsidwa m'firiji pa mtengo wokwera. Chifukwa cha mtengowu, ena amaganiza kuti amaposa usipa ndi chambo pa thanzi. Kodi n'zoona?

Zomwe ma prawns ali nazo

Magalamu 100 a ma prawns ophika amakhala ndi magalamu 20 mpaka 24 a mapuloteni, omwe amamanga thupi. Mulingowu susiyana kwenikweni ndi wa chambo kapena kampango. Mafuta ndi ochepa kwambiri, ndipo muli ayodini, selenium ndi vitamini B12.

Pomwe nsomba zimaposa

Choyamba ndi mafuta a omega-3, omwe amathandiza mtima komanso kukula kwa ubongo wa mwana. Ma prawns ali nawo pang'ono poyerekeza ndi nsomba zamafuta monga sardine ndi mackerel. Bungwe la American Heart Association limalangiza kudya nsomba kawiri pa sabata, makamaka zamafuta.

Chachiwiri ndi kadyedwe. Usipa, matemba ndi bonya timadya ndi mutu, minga ndi maso omwe, ndipo m'menemo ndi momwe muli kashiamu wolimbitsa mafupa, ayironi, zinki ndi vitamini A. Ma prawns ambiri amadyedwa atasendedwa chigoba ndi kuchotsedwa mutu.

Nanga kolesterolo?

Ma prawns ali ndi kolesterolo wambiri, pafupifupi mamiligalamu 190 pa magalamu 100. Komabe, kwa anthu ambiri chomwe chimakweza kwambiri kolesterolo wa m'magazi ndi mafuta ogwirana, monga a nyama yonona ndi batala, ndipo ma prawns ali nawo ochepa zedi. Amene ali ndi matenda a mtima kapena shuga afunse kuchipatala mulingo woyenera. Kuwakazinga m'mafuta ambiri kumachepetsa phindu lake, monga zimakhalira ndi nsomba.

Ayenera kusamala ndani?

Anthu ena thupi lawo limadana ndi zakudya za chigoba. Zizindikiro ndi ziwengo, kuyabwa, kusanza, kutupa milomo kapena kukhosi. Wina akayamba kubanika atadya, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo, chifukwa vutoli limatha kupha. Amene thupi lawo limadana ndi nkhanu apewenso ma prawns.

Odwala nyamakazi ya gout achepetse ma prawns komanso sardine, popeza zonsezi zimatha kudzutsa ululu m'mfundo.

Ma prawns sachedwa kuwonongeka. Ngati magetsi anazima ndipo asungunuka n'kukhalitsa, kapena akununkha, atayeni. Phikani mpaka mnofu usinthe mtundu n'kulimba, makamaka ngati adye ndi amayi oyembekezera, ana ndi okalamba.

Musankhe chiti?

Zonse ziwiri zili m'gulu la zakudya zochokera ku nyama, limodzi mwa magulu asanu ndi limodzi a zakudya. Ma prawns ndi ndiwo yabwino kwa amene angakwanitse, koma amene sanawadyepo sakuphonya chilichonse chomwe sangachipeze mu nsomba. Ndalama ya paketi imodzi ikhoza kugula usipa wodya banja masiku angapo, ndipo mwana kapena mayi woyembekezera angapindule kwambiri ndi usipawo.