Jenerale Northey ndi mitu imene inasenza nkhondo yake

M'mabuku a Angerezi, dzina la Edward Northey limalembedwa ndi zilembo zaulemu kutsogolo ndi kumbuyo. M'midzi yathu ya m'malire, kucokera ku Angónia mpaka ku Metangula, ndi ocepa amene analimvapo. Koma nkhondo imene iye anatsogolera makolo athu ankaidziwa bwino. Ankaichula kuti nkhondo ya Ciwaya, potengera mfuti yolavula zipolopolo mosalekeza, ndipo inawafika pakhomo osaiitana.

Northey anabadwa mu 1868 ku England, mwana wa m'busa. Anaphunzira ku Eton, kenako kusukulu ya asilikali ya Sandhurst, ndipo mu 1888 analowa m'gulu la King's Royal Rifle Corps. Anamenya nkhondo kumapiri a kumpoto kwa India, anamenyanso ndi Mabunu ku South Africa. Nkhondo yaikulu itabuka mu 1914, anatsogolera asilikali ku France, ndipo mu 1915 anavulala kwambiri. Atacira, boma lake linamutumiza kuno ku Africa kuti akagwire malire a Nyasaland ndi Northern Rhodesia, maiko amene lero ndi Malawi ndi Zambia. Tsidya la malirewo kunali Ajeremani, amene ankalamulira dziko limene lero ndi Tanzania.

Anafika kumayambiriro kwa 1916, ndipo kumapeto kwa Meyi asilikali ake anaoloka malire. Analanda Neu Langenburg, kumene lero ndi Tukuyu. Mu Ogasiti analowa mu Iringa, mu Seputembala anali ku Songea. Pankhani ya usilikali, bamboyu ankaidziwa nchito yake. Mdani wake, Paul von Lettow-Vorbeck, anali wocenjera ngati kalulu, koma Northey anam'panikiza kucokera kumwera pamene magulu ena ankam'tsekereza kucokera kumpoto.

Funso nali, abale anga: asilikali onsewo ankadya ciani, ndipo zipolopolo zinkawafika bwanji? Katundu ankalowera ku Chinde, n'kukwera mtsinje wa Zambezi, kenako pa njanji mpaka ku Blantyre, n'kupitirira ku Fort Johnston, kumene lero ndi Mangochi. Apo ankamukweza m'sitima za panyanja monga Guendolen ndi Chauncy Maples. Koma kutsogolo kwa nyanja kunalibe njanji, misewu inali yocepa, ndipo ng'ombe ndi abulu zinkafa ndi kashembe. Cotsala cinali mutu wa munthu.

Anthuwo ankachedwa atengatenga. Mwamuna mmodzi ankasenza katundu woposa makilogalamu 20, wopanda nsapato, kukwera mapiri ozizira, mvula ili pamsana. Taganizirani masamu ake: wonyamula ufa nayenso amadya. Ulendo ukatalika, gawo lalikulu la ufawo limathera m'mimba mwa onyamula, motero pamafunikanso ena onyamulira onyamulawo. Asilikali akamapita patsogolo, m'pamenenso midzi ya kumbuyo inkatha amuna. Olemba mbiri amawerengera kuti Nyasaland yokha inapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi atengatenga pafupifupi 200,000, m'dziko limene anthu ake ankangopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Ambiri sanapite mwa kufuna kwawo. Mafumu ankauzidwa ciwerengero coti apereke, apolisi ankagwira anthu usiku, ndipo ena ankathawira kuthengo kapena kuoloka malire. Cimene cinapha ambiri si cipolopolo ai, koma kamwazi, cibayo, malungo ndi njala. Kumudzi minda inagonera, nkhokwe zinapepuka.

Nkhondoyi sinathere kwa anansi. Germany inalengeza nkhondo ndi Portugal mu Malichi 1916, ndipo Apwitikizi nawonso anayamba kugwira anthu kuti anyamule katundu ndi kulambula misewu. Cibalo cimeneci ndi cimodzi mwa zimene zinautsa anthu a ku Báruè mu Malichi 1917, ndipo moto wake unafalikira m'cigwa ca Zambezi. Pa 25 Novembala 1917, Lettow-Vorbeck anaoloka Rovuma, n'kugonjetsa Apwitikizi pa Negomano, n'kutenga mfuti ndi zipolopolo zawo. Pamenepo magulu a Northey analowa m'dziko lathu kumulondola, ena kudzera ku Fort Johnston, ena kutsikira padoko la Metangula n'kulowera cakum'mawa. Anthu a ku Niassa anapezeka pakati pa magulu atatu a azungu, ndipo gulu lililonse linkafuna cimanga, mbuzi ndi amuna onyamula. Mjeremaniyo sanagwidwe. Anafika mpaka ku Namacurra mu Julayi 1918, anabwerera kumpoto, ndipo anakatula zida ku Abercorn, kumene lero ndi Mbala, pa 25 Novembala 1918, nkhondo ya ku Ulaya itatha kale.

Nthawi imeneyo Northey anali atacoka kale kubwalo la nkhondo. Mu 1918 anakwezedwa kukhala Major-General, anapatsidwa ulemu wa "Sir", ndipo anasankhidwa kukhala bwanamkubwa wa dziko limene mu 1920 linachedwa Kenya. Kumeneko ndi kumene tikuona bwino maganizo ake pa munthu wakuda. Mu Okutobala 1919 boma lake linatulutsa kalata yolamula mabwana a maboma ndi mafumu kuti alimbikitse anthu kukagwira nchito m'minda ya azungu. Aliyense ankadziwa tanthauzo la kulimbikitsa kumeneko pamene kwacokera pakamwa pa bwana. Amishoni ena, monga Bishopu Frank Weston wa ku Zanzibar, anatsutsa poyera, ndipo mu 1921 boma la ku London linaletsa mabwana ake kusakira anthu minda ya eni. Mu Malichi 1922, Harry Thuku atamangidwa cifukwa cotsutsa msonkho ndi citupa ca kipande, anthu osonkhana ku Nairobi anawomberedwa, ndipo oposa 20 anafa. Caka comweco Northey anaitanidwa kubwerera kwawo. Anapuma usilikali mu 1926, n'kumwalira mu 1953.

Kodi timuweruze bwanji? Kulimba mtima kwake sitingakukane, pakuti anakhetsa magazi ake ku Ulaya ndipo anayendetsa nkhondo m'dziko lovuta. Koma akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Mendulo iliyonse ya pacifuwa pake inasenzedwa ndi mitu zikwizikwi, ndipo eni mituyo ambiri anagona m'mbali mwa njira popanda mwambo wa maliro, popanda dzina lolembedwa. Ku Zomba kuli cipilala cokumbukira asilikali a King's African Rifles. Wonyamula ufa wa ku Niassa alibe mwala.

Mbiri yawo yatsala m'makutu mwa agogo athu, amene anaimva kwa agogo awo. Inu amene mukuwerenga, funsani kumudzi kwanu: ndani wa mtundu wanu anatengedwa nthawi ya Ciwaya, anapita kuti, ndipo kodi anabwerako? Lembani dzina lake ndi mfunda wake m'kope, anthu okumbukira asanathe.